Tinkati Onse ndi Asipanishi

Tisananyamuke, amayi a Dorika kumpingo kwathu anatipatsa malangizo ambirimbiri. Ena anati tikasamale ndi ogulitsa mankhwala ozunguza bongo. Ena anati tisakabwere titaphunzira kuvina. Mnyamata wina wa kwaya anatituma jezi ya Messi, ngati kuti Argentina ili kuseri kwa msika wa ku Lima. Tinaseka nawo, koma zimene ife tinali nazo m'mutu sizinkasiyana kwenikweni ndi zawozo. Anthu olankhula Chisipanishi tinkawadziwira pa mpira ndi pa masewero a Telemundo aja amene apsereretsa ndiwo m'makomo ambiri: akazi oyera atsitsi lalitali, amuna ansanje, kukalipirana, kulira. Tinkati onse ndi Akatolika, onse ndi olongolola, onse amakonda tsabola, ndipo kwawo kumatentha chaka chonse.

Tinali anthu anayi, tonse othandiza mongodzipereka m'nthambi ya zaumoyo ya mpingo, ndipo tinapita ku Peru m'mwezi wa July kukagwira ntchito limodzi ndi anzathu a kumeneko kwa milungu iwiri. Tinadzera ku Johannesburg ndi ku São Paulo. Pabwalo la ndege la São Paulo mmodzi wa ife anayesa kugula madzi ndi Chisipanishi chake chophunzira pafoni, wogulitsa n'kumuyankha m'Chipwitikizi, chija timamva kwa abale athu a ku Tete ndi ku Angónia. Dziko la Brazil, lomwe ndi lalikulu kuposa onse ku South America, sililankhula Chisipanishi.

Ku Lima tinafikira m'chisanu. Kumwamba kunali kotuwa tsiku lonse, kachifunga kakunyowetsa zovala koma mvula yeniyeni osagwa. Majuzi tinali titawaika pansi penipeni pa zikwama. Mumzindawu muli anthu pafupifupi 10 miliyoni, ndipo nkhope za pa Telemundo zija tinazipeza makamaka pa zikwangwani za malonda. M'basi munali anthu aafupi, ofiirira, atsitsi lakuda bii. M'misewu yambiri munali malesitilanti otchedwa chifa, ophika zakudya zimene zinabwera ndi anthu ochokera ku China zaka zoposa 150 zapitazo. Tinakumbutsidwanso kuti Alberto Fujimori, yemwe analamulira dzikoli kuyambira 1990 mpaka 2000, makolo ake anachokera ku Japan.

Sabata loyamba, pakhomo la tchalitchi panali bambo wakuda ngati ife akupereka moni. Mitima inangoti phee, tapeza wakwathu. Tinamugwira chanza ndi manja awiri n'kumufunsa m'Chingerezi kuti kwawo n'kuti ku Africa. Bamboyo anamwetulira, osamva kanthu. Wotitanthauzira anatiuza kuti mkulu wa mpingoyo kwawo ndi ku Chincha, kumwera kwa Lima, kumene makolo ake anafikitsidwa ngati akapolo kudzalima minda ya atsamunda. Ndi Mperu weniweni ndipo chinenero chake n'Chisipanishi basi. Iye ndiye anatiuza kuti ku Africa kwathu konkuno kuli dziko lolankhula Chisipanishi, la Equatorial Guinea. Ife eni ake a Africa tinangoyang'anana.

Ntchito yathu yeniyeni inali kumtunda, m'chigawo cha Puno, m'mphepete mwa nyanja ya Titicaca. Ndege yochoka ku Lima imatera ku Juliaca isanathe maola awiri, koma thupi limamva ngati lasamutsidwira dziko lina. Nyanjayi ili pamtunda wa mamita 3,812. Nsonga ya Sapitwa paphiri la Mulanje ndi mamita 3,002. Ndiye ganizirani anthu akulima, kuwedza nsomba ndi kusewera mpira pamalo otalika kuposa Sapitwa ndi mamita 800. Ife kungokwera masitepe khumi tinkaima kaye, mutu ukugunda. Usiku woyamba tinatulutsa kachipangizo kathu kopana chala kaja koyezera okosijeni m'magazi. Kwathu timazolowera 97 kapena 98. Kumeneko kanaonetsa 84, ndipo mlongo wina anayamba kale kutsanzika. Namwino wa mpingo amene ankatiyang'anira anati tisade nkhawa, vutoli amalitcha soroche, tingomwa madzi ambiri, kudya pang'ono ndi kuyenda ngati bilimankhwe masiku awiri. Anatichenjeza kuti wina akayamba kubanika atangokhala, kutsokomola kwambiri kapena kusokonezeka mutu, pamenepo ndiye zachipatala msangamsanga.

Kumalo ogona alendo anatipatsa tiyi wa masamba a coca. Tinakumbukira amayi a Dorika aja. Namwinoyo anatifotokozera kuti tsamba la coca anthu a m'mapiriwa akhala akulitafuna kuyambira kalekale pofuna kupha njala ndi kutopa, ndipo si chimodzimodzi ndi ufa woopsa uja umene amaupanga kuchokera ku tsambalo posakaniza ndi mankhwala ena. Iye mwini sagwiritsa ntchito, monga Aadiventisti ambiri a kumeneko, ndipo anatiwiritsira muña, katsamba konunkhira bwino ka m'mapiri momwemo. Koma ananena mosabisa kuti zimamupweteka alendo akamaona agogo ake akutafuna tsamba n'kumawayesa zigawenga za m'mafilimu.

Makilomita pafupifupi 30 kuchoka m'tauni ya Puno, pamsewu wopita kumalire a Bolivia, pali mudzi wa Platería. Ambirife dzinali tinalimvapo m'nkhani za mishoni ku Sukulu ya Sabata, pamodzi ndi maina a Fernando ndi Ana Stahl, anamwino awiri amene anakhazikika kumeneko mu 1911. Chimene sitinkachidziwa n'chakuti nkhaniyi sinayambe ndi iwo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Manuel Zúñiga Camacho, munthu wa mtundu wa Aymara, anali atatsegula kale sukulu kwawo ku Utawilaya. Nthawi imeneyo eni minda ikuluikulu, akuluakulu a boma ndi ansembe ndiwo ankadziwa Chisipanishi. Eni nthaka ankalankhula Chiaymara ndi Chiquechua, ndipo minda yawo inkapita kudzera m'mapepala amene sankatha kuwawerenga. Camacho ankafuna ana aphunzire kuwerenga, ndipo ndi iye amene anapempha Aadiventisti kuti atumize womuthandiza. Banja la Stahl linabwera ndi sopo, mankhwala ndi mapulayala ozulira mano, sukulu n'kumachulukirachulukira kuzungulira nyanja.

Sizinakondweretse onse. Mu March 1913, bishopu wa ku Puno, Valentín Ampuero, anatsogolera gulu la amuna okwana 200 kukasokoneza mishoniyo, ndipo Camacho ndi anzake anamangidwa n'kuyendetsedwa wapansi mpaka kundende ya ku Puno. Nkhaniyi inamveka mpaka ku Lima, ndipo mu 1915 nyumba ya malamulo inasintha gawo la malamulo a dziko limene linkaletsa zipembedzo zina kupembedza poyera. Titaima pabwalo la sukulu ya ku Platería, mphepo ikutibaya m'makutu, tinakumbukira Malamulo, yomwe inayamba mu 1902, nayonso ndi sukulu ndi chipatala. Lero m'midzi ya m'mbali mwa Titicaca, Loweruka m'mawa mumakumana ndi amayi ovala masiketi osanjikiza ndi zipewa zozungulira atanyamula Mabaibulo. Ngakhale pazilumba zoyandama za Uros, zimene anthu amaluka ndi mlulu wotchedwa totora, pali tchalitchi ndi sukulu ya Adiventisti. Nyimbo zina tinkazizindikira kuchokera mu Khristu mu Nyimbo, mawu okha ndiwo anali a Chiaymara.

Lamlungu tinakhala ndi tsiku loyeza anthu patchalitchi cha m'mudzi wina chapafupi. Apa mpamene tinachita manyazi kawiri.

Poyamba zinali zithunzi. Tili kumudzi tinakonza mapepala ophunzitsira za kadyedwe, ndipo pofuna kuti akhale "achikwawo" tinafufuza pa intaneti zakudya za anthu olankhula Chisipanishi. Tinamata zithunzi za taco, tortilla ndi tsabola. Titazikweza m'mwamba, achinyamata anayamba kugwirana zigongono. Zonsezo ndi zakudya za ku Mexico, ndipo kuchoka ku Lima kukafika ku Mexico City ndi makilomita oposa 4,000, ngati kuchoka ku Lilongwe kupita ku Lagos. Zinali ngati mlendo wafika ku Ntcheu kudzaphunzitsa za nsima atanyamula zithunzi za chakudya cha ku Nigeria. Anthu a m'mudzimo amadya mbatatesi, quinoa, balere, nyemba zikuluzikulu, nsomba za m'nyanja ndi nyama ya nkhosa youmitsa ndi mchere yotchedwa chalona. Mchere umene tinabwera kudzawachenjeza unali mu chalona, chakudya chimene sichinali pa pepala lathu n'limodzi lomwe.

Kachiwiri ndiye kanali koopsa. Pamzere panali agogo ena aakazi, nsalu yamawangamawanga kumsana monga timaberekera chitenje. Makina anaonetsa 178/104. Tinawapumitsa n'kuyezanso, sizinasinthe. Tinayamba kuwerenga mawu a Chisipanishi amene tinalemba m'kope. Kodi mutu umapweteka? Iwo anati "sí". Kodi munapitako kuchipatala? "Sí." Kodi mankhwala mukumwa? "Sí." Tinalemba pafomu kuti akumwa mankhwala, n'kuwauza kuti achepetse mchere. Mumtima tinkadabwa kuti anthu olongolola aja ali kuti, popeza agogowa ankangoyang'ana pansi.

Namwino uja anali pa tebulo lina koma khutu lili kwa ife. Anabwera, anagwada pambali pawo n'kuwapatsa moni kuti "Kamisaraki". Agogo anadzutsa mutu, "Waliki", kenaka mawu anangoti khuthu. Analankhula mphindi zingapo osapuma, manja akuloza mutu, akuloza chifuwa. Chisipanishi sankachimva, kupatula timawu ta pamsika. "Sí" wawoyo unali ulemu chabe kwa alendo ochokera kutali. Mankhwala anapatsidwadi miyezi isanu m'mbuyomo, anamwa mwezi umodzi, mutu utasiya kupweteka anayesa kuti achira. Posachedwapa dzanja lamanzere linkachita dzanzi m'mawa. Ife tikanawabweza kunyumba ndi fomu yonena kuti zonse zili m'malo. Tsiku lomwelo mdzukulu wawo anawaperekeza kuchipatala ndi kalata ya namwino.

Safunsa anadya phula. Funso limene tinalumpha linali losavuta: kodi kunyumba mumalankhula chinenero chanji? Ku Peru anthu pafupifupi 14 pa 100 alionse anayamba ndi Chiquechua ali ana, ena Chiaymara, ndipo kunkhalango ya Amazon kuli zinenero zina makumi angapo. Ambiri Chisipanishi amachipeza kusukulu monga ife timapezera Chingerezi. Chomvetsa manyazi n'chakuti ife izi timazidziwa bwino kwathu. Ndi kangati taona agogo a Chiyao ku Mangochi kapena a Chitumbuka ku Rumphi akuvomera "eya" kwa wachipatala amene sakumumva? Titawoloka nyanja tinaiwala, chifukwa mapu a kusukulu anapaka dziko lonse mtundu umodzi.

Namwinoyo anatiphunzitsanso china. Chifukwa cha kuchepa kwa mpweya kumtundako, matupi a anthu amapanga magazi ambiri, kotero mwana akhoza kuonetsa nambala yabwino pomuyeza koma ali wochepa magazi. Azaumoyo amachotserapo kaye pa nambalayo malinga ndi kutalika kwa malo. Chigawo cha Puno ndicho chakhala chikutsogola m'dzikomo pa vuto la kuchepa kwa magazi mwa ana aang'ono, ndipo ife ndi manambala athu a ku Lilongwe tikanati onse ali bwino.

Titaweruka anatitengera kudambo kumene mbatatesi zinayalidwa paudzu. M'miyezi ya June ndi July usiku kumazizira mpaka madzi kuuma. Mbatatesi zimagwidwa ndi chisanucho, masana amazipondaponda ndi mapazi kuti madzi atuluke, dzuwa n'kuziumitsa. Zikatero amazitcha chuño ndipo zimasungika zaka. Tinawauza kuti ife timachita zofananako ndi chinangwa popanga makaka. Titanena kuti kwathu mbatatesi ena amazitcha "Irish", bambo mwini munda anaseka mpaka kugwira chipewa. Mbewuyi inayambira kumapiri omwewa, ndipo dzikoli lili ndi mitundu yake yoposa 3,000. Likulu la International Potato Center, bungwe limene lathandiza kufalitsa mbatata yofiira mkati kuno kwathu, monga Kadyaubwerere ndi Chipika, lili ku Lima. Chimanga chathu cha nsima chinachokera ku Mexico. Chinangwa, mtedza, nyemba, tomato ndi maungu nazonso zinachokera kutsidya komweko. Anthu amene tinkawaona ngati achilendo kotheratu akhala ali m'mbale zathu kuyambira tili ana.

Nawonso sanatisiye. Mnyamata wina anafunsa ngati mikango imafika pakhomo. Mayi wina anafunsa ngati timalankhula "Chiafirika", ndipo wina ankayesa kuti Malawi ndi tauni ya ku South Africa. Tikanakhala kuti sitinalakwitse tokha m'mawa womwewo, mwina tikanakhumudwa. Tinangojambula mapu padothi, n'kuwaonetsa nyanja yathu. Za kuvina ndi kumwa sanakane. Anati mu February, pachikondwerero cha Candelaria, ovina masauzande amadzaza misewu ya Puno ndipo mowa umavuta ndithu, n'chifukwa chake mpingo umalalikira kwambiri za kudziletsa. Koma m'mudzi momwemo muli mabanja amene kwa mibadwo inayi sanalawepo mowa.

Titabwerera, pamwamba pa fomu yathu yoyezera anthu tinaonjezapo mzere wa chinenero cha kunyumba, ndipo tikapita kumidzi timayamba tafunsa mkulu wa mpingo kuti atipezere wotanthauzira. Amayi a Dorika tinawapatsira chuño. Anainyika usiku wonse, anaiphika ndi tomato, ndipo maganizo awo pa kakomedwe kake anagawanika. Mnyamata wa kwaya uja tinamugulira jezi ya timu ya Peru, yoyera yokhala ndi mzere wofiira wopingasa pachifuwa. Anaitembenuza kumsana kufuna dzina la Messi, kenaka anatifunsa ngati Peru ili ku Spain.