USIKU WAUTALI PAMWAMBA PA NYANJA YA ATLANTIC

Ine ndine kalaliki, kapena kuti mabalane monga tinenera kuno, pa mgodi wina wa ku Rustenburg. Ambiri a inu mwakhala mukundifunsa pa windo la ofesi kuti, "Nanga Mabalane, m'ndege ya ku America munali motani?" Pa windo paja mzere umakhala wautali, chotero ndati ndilembe muno kuti yense adziwerengere yekha, ndipo wosatha kuwerenga amuwerengere mnzache wa m'chipinda. Ndinena zonse, ndi zondichititsa manyazi zomwe.

M'chaka cha 2024 kampani yathu inagula makina atsopano oboolera mwala, ndipo mwezi wa September inatuma anthu awiri ku America kukaphunzira kayendetsedwe kache. Woyamba anali mkulu wina wa kwathu ku Ncheu, woyendetsa makina, amene analowa mgodi mu 1986 ine ndisanabadwe. Tonse timangowacha Madala. Wachiwiri ndinali ine, ndipo nchito yanga inali imodzi yokha: kukhala pakamwa pa Madala, kuwatanthauzira Chingerezi ndi kulemba zophunzirazo m'buku. Tonse awiri tinali tisanakwerepo ndege chibadwire.

Tiri kudikira pa bwalo la ndege la O. R. Tambo ku Johannesburg, ndinaona kuti Madala angoti chete, chipewa chiri m'manja. Anandiuza kuti atate ao anali kukwera ndege ya Wenela kuchokera ku Chileka kufikira ku Francistown, kumene anthu anali kukwerera sitima ya pamtunda ya ku Joni. Anandikumbutsanso za ndege ija inagwa pa Francistown pa 4 April 1974 itangonyamuka kumene, nipha anthu 78, ochuruka a iwo anyamata a ku Malawi obwerera kwao. Iwo anali mwana pa nthawiyo, koma sanaiwale maliro amene analira m'midzi. Anati, "Mwana wanga, usanditalikire." Ine ndinati, "Musade nkhawa Bambo, ndiri pompano."

Muyenera kudziwa kuti m'ndege yaikulu muli zigawo. Kumbuyo kuli mipando yambiri yothithikana, isanu ndi inai pa mzere umodzi, ndipo kumeneko ndiko kunali matikiti athu. Kutsogolo kuli chigawo chimene amachicha business class, cha mabwana ndi eni malonda, kumene pa mzere umodzi pali mipando inai yokha. Mtengo wa mpando wa kutsogolo umaposa wa kumbuyo katatu kapena kanai, nthawi zina koposa pamenepo.

Itayandikira nthawi yokwera, ndinamva dzina langa liri kuitanidwa. Mtima unagunda, ndinayesa kuti pasipoti yanga yapezeka ndi bvuto. Koma mai wa pa tebulo anangomwetulira nati kumbuyo kwadzaza kopitirira, ndipo andisunthira kutsogolo popanda kulipira kanthu. Anang'amba chikalata changa chakale nandipatsa china. Pobwerera, Madala anafunsa, "Kwagwanji mwana wanga?" Ine ndinati, "Palibe kanthu Bambo, angondisinthira mpando." Sindinaname, koma sindinanenenso zoona zonse. Pa khomo la ndege ine anandilozera kumanzere, Madala kumanja, ndipo pakati pathu anatseka nsaru yochinga.

Abale, malo amene ndinawapezawo! Mpando uli wokha m'kakhoma kache, ngati kachipinda. Pali pilo, bulangete lofewa, wailesi ya kanema yangayanga, malo obisa nsapato, ndi kathumba ka mphatso kokhala ndi masokosi, mswachi, mankhwala otsukira mano ndi kansaru komanga m'maso pogona. Ndisanakhazikike bwino, mtumiki wa m'ndege anadza ndi zakumwa pa thireyi, nandichula dzina la atate anga, chinthu chimene pa mgodi sachita ngakhale kapitao. Anandipatsanso kathaulo kotentha atakapana ndi chopanira. Ine ndinangokagwira, kuyang'ana m'mbali kuti ndione chimene Mzungu wa pafupi nane achite nako. Iye anapukuta m'manja, inenso ndinapukuta m'manja. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tinanyamuka itapitirira 9 koloko usiku. Ndege inathamanga nthawi yaitali isanasiye pansi, pakuti Johannesburg ali pamtunda wa mamita ngati 1,700, kumene mpweya uli wopepuka, ndipo ndegeyo inali italemedwa ndi mafuta a ulendo wonse. Ulendo wa ku Atlanta ndi wa makilomita oposa 13,500, ndipo umatha maola 16 kapena 17 osatera pena paliponse. Itakwera, makutu anatseka monga achitira m'chikepe potsika mgodi, ndipo mankhwala ache ndi omwewo: kumeza malobvu. Pansi ndinaona magetsi a Joni atamwazika ngati makala a moto, kenaka mdima.

Chakudya chinadza mwa dongosolo lache. Anayamba ayala nsaru yoyera pa tebulo, nandipatsa buku losankhira zakudya. Choyamba mtedza wofunda, kenaka msuzi ndi buledi, kenaka nyama ya ng'ombe ndi mbatata pa mbale yeniyeni ya dothi, mipeni ndi mafoloko zachitsulo, potsiriza zozuna ndi khofi. Ndinadya zonse osasiya kanthu. Nsima panalibe, koma sindinadandaule.

Pa kanema pali mapu osonyeza pamene ndege yafika. Tinadutsa Botswana ndi Namibia, ndipo mtunda wa Africa unatha. Kuyambira pamenepo ndi madzi okhaokha, ndi tizisumbu towerengeka monga St Helena ndi Ascension. Mapuwo anasonyeza kuti tiri kuthamanga pafupi makilomita 900 pa ola, pamwamba makilomita 11, ndi kuti kunja kukuzizira kupyola 50 pansi pa ziro. Ndinaganiza za anzathu a ku Mponeng, mgodi wakuya koposa yonse pa dziko, amene amatsika pafupi makilomita 4 kumene mwala umatentha kufikira 60. Munthu pansi sakhala moyo popanda mpweya wompopera, ndipo kumwamba n'chimodzimodzi. M'ndege amapopera mpweya kuti ufanane ndi wa pamwamba pa phiri ngati la Zomba, koma ndi wouma kwambiri, n'chifukwa chache kukhosi kumauma msanga. Oyendetsanso ali ndi mashifiti ao: pa ulendo wautali chotere amakhala anai, awiri ali pa nchito, awiri akupumula.

Atazimitsa magetsi ndinakanikiza batani, ndipo mpando unayamba kuyenda wokha mpaka unasanduka bedi lathyathyathya. Ndinatambasula miyendo, ndinafunda bulangete, ndinamanga kansaru m'maso. Koma tulo ai. Ndege itagwedezeka pang'ono pakati pa nyanja, mau aja anandibwerera: usanditalikire. Ndinatembenukira uku ndi uku. Ndinadziuza kuti tikiti inalembedwa dzina langa, kuti sindinapemphe, kuti mwai sudza kawiri. Ndinadziuzanso kuti Madala ndi munthu wolimba, amene wagwada m'mgodi zaka zambiri. Zonsezi zinali zoona, koma tulo sitinadze.

Patapita maola asanu ndi limodzi ndinadzuka, ndinakankha nsaru yochinga ija, ndi kupita kumbuyo. Kumeneko anthu anali atagona chokhala, mitu itapendekeka, maondo atagunda mpando wa kutsogolo, mwana wina akulira. Madala ndinawapeza pa mpando wa pakati, maso ali gwa. Uku ndi uku kunali anthu aakulu matupi, onse ali m'tulo. Anali atabvula nsapato chifukwa mapazi anatupa, ndipo bondo lao lija linapwetekedwa ndi mwala kalekale linali litauma. Kuyambira pa Joni anali asanaimirirepo, ngakhale kupita kukataya madzi, popeza analibe mau odzutsira munthu wachilendo. Madala amalankhula Chichewa, Chizulu, Chitswana ndi Fanakalo, koma Chingerezi chothamanga cha ku America chinawapita. Pamene mtumiki anawafunsa chakudya chimene afuna, anangogwedeza mutu, ndipo iye anayesa kuti akana. Anali atangomwa kapu imodzi ya madzi.

Atandiona sanakalipe. Anangoti, "Wabwera, Mabalane?" Kukanakhala bwino akanandikalipira.

Ndinapita kwa mai woyang'anira atumiki onse, ndi kumfotokozera kuti kumbuyo kuli atate anga, ndipo ndipempha kuti akagone pa malo anga. Anandiyang'ana, popeza maina athu ndi osiyana. Ndinati kwathu mkulu wa msinkhu umenewo ndi atate ako basi. Iye anati mwa lamulo anthu sasinthana mipando pakati pa ulendo, koma alola kamodzi kokha, ndipo ndikapita kumbuyo ndisabwererenso. Ndinabvomera. Madala anayamba akana, nati, "Iai, mpando wa mabwana ine ndiutani?" Ndinati, "Bambo, mukakana ndiye kuti simunandikhululukire." Apo anaimirira pang'onopang'ono atagwira phewa langa. Ndinawaonetsa chimbudzi, ndinawaitanitsira chakudya ndi tiyi, ndinawagonekera mpando, ndi kuuza mtumiki kuti akafuna kanthu adzandiitane.

Maola khumi otsalawo ndinakhala pa mpando wa pakati uja. Chotero ndikhoza kukuuzani za mbali zonse ziwiri. Ndege ndi imodzi, liwiro ndi limodzi, ikagwedezeka igwedezeka konse, ndipo onse afika nthawi imodzi. Chimene a kutsogolo amagula ndi ndarama zao zambirizo si nyama kapena vinyo ai, koma malo otambasulira msana. Bwana amafuna atsike m'mawa ali ndi mphamvu zokachitira msonkhano. Mipando yosanduka bedi m'chigawo chimenechi inayamba ndi kampani ya British Airways m'chaka cha 2000, ndipo lero makampani ambiri a maulendo atali ali nayo. Koma ndinadzitonthoza pokumbukira kuti anthu oyamba kuoloka nyanja imeneyi pa ndege osatera, Alcock ndi Brown, mu June 1919, anatha maola ngati 16 atakhala m'ndege yopanda denga, kuchokera ku Newfoundland, nakagwera m'dambo ku Ireland. Poyerekeza ndi iwo, mpando wanga wa pakati unali wachifumu.

Usiku umenewo ndiwo wautali koposa m'moyo wanga. Popeza tinali kulowera kumadzulo, dzuwa linali kutithamangira pambuyo osatipeza. Wochi yanga inakwana 11 koloko ya m'mawa ya ku Joni, kunja kukali bii. Kenaka kunayamba kufiira kumbuyo kwa phiko, ndipo patapita nthawi tinaona gombe la America, ndi nkhalango zobiriwira za dziko la Georgia. Tinatera ku Atlanta cha m'ma 8 koloko m'mawa, ndipo ndinabweza wochi maola 6.

Madala ndinawapeza akundidikira pa khomo, nkhope ili yowala, kathumba ka mphatso kali m'manja. Ndinafunsa, "Mwagona bwanji Bambo?" Anati, "Ndagona ngati khanda. Koma bedi lija n'lopapatiza ngati bokosi la maliro, ndipo mtsikana uja anandipatsa kansanza kotentha, ine ndinasamba nako kumaso ndi m'khosi momwe." Tinaseka mpaka anthu kutiyang'ana. Ali kumanga zingwe za nsapato anaonjeza osandiyang'ana, "Mwai ukakupeza uli ndi mnzako, uziyamba wamuuza. Ukanandiuza pa Joni paja, ndikanati pita ukaone, udzatisimbire." Mau a akulu akoma akagonera. Chimene chinawapweteka si mpando ai, koma kubisa kwanga.

Maphunziro tinamaliza bwino, ndipo makina aja lero akuboola, Madala ndiwo akuphunzitsa anyamata. Pobwerera tinakhala kumbuyo tonse awiri moyandikana, iwo cha ku njira kuti aziongola bondo.

Tsono langizo langa ndi ili, ndipo likhudza ngakhale inu okwera basi ya ku Blantyre kudzera pa Beitbridge ndi Tete. Pa ulendo wautali musakhale malo amodzi maola ambiri, pakuti mapazi amatupa ndipo magazi akhoza kuundana m'miyendo, chimene chiri choopsya. Imirirani pamene mungathe, gwedezani mapazi, imwani madzi ambiri, mowa muchepetse. Pemphani mpando wa ku njira ngati muli ndi bondo lobvuta. Musaope kudzutsa mnzanu kuti mudutse. Kumgwira pa phewa kukwanira, sikufuna Chingerezi. Ndipo inu anzanga a mabalane, amene timakhala pakati pa ofesi ndi mgodi, tikumbukire kuti sukulu yathu yochepayi anatilipirira ndi anthu a zikhatho zokhakhala onga Madala.

Amene ali ndi mafunso ena andipeze pa windo, koma osati tsiku la malipiro. Tsalani bwino nonse.