Makava a matabuleti athu: bwanji ndakana akuda



Ndiyambe ndi kuthokoza. Matabuleti 8 amene inu ophunzira akale munasonkherana ndalama anafika bwinobwino ndipo onse akuyaka. Mabuku a Fizikisi ndi Masamu talowetsamo kale, pamodzi ndi mapepala a mayeso a MSCE a zaka zam'mbuyo. Panopa akadali m'makatoni awo mu ofesi ya a hedi, ndipo ndakana kuti mwana aliyense awagwire mpaka atavala makava. Pansi pa makalasi athu mukupadziwa, ndi simenti yokhayokha.

Mmodzi wa inu amene ali ku Johannesburg ndiye anadzipereka kugula makavawo. Anandifunsa pa foni kuti, "Aphunzitsi, tigule amtundu wanji? Ife kuno timati akuda, amaoneka aulemu." Ndinamuuza kuti andipatse sabata imodzi. Anaseka, akuti sabata yathunthu kuganizira kava? Ena mwa inu mwafunsanso zomwezo, ndiye ndati ndiyankhe onse pamodzi, poti ndalama zake ndi zanu.

Ndikudziwa kumene maganizo a kava yakuda akuchokera. Munthu ukamagula kava ya foni yako umasankha ndi maso, chimene chakukomera basi. Amene tinagwira mafoni masiku a Celtel tikukumbukira. Nokia inayamba ndi 5110 mu 1998 kupanga foni yoti mwini wake n'kuivula nkhope n'kuiveka ina, ndipo pofika pa 3310 ya mu 2000 makava anali mbwee pa mabenchi ku Limbe, ena oonekera m'kati, ena amaluwa. Kava inkanena za mwini foni. Koma matabuleti awa alibe mwini mmodzi. Lolemba adzakhala ndi Fomu 3, Lachiwiri Fomu 4, ndipo tabuleti iliyonse azidzaizungulira ana anayi kapena asanu. Choncho funso limene ndakhala nalo sabata yonseyi ndi lakuti: ndi kava yotani imene ingachititse kuti onse 8 azibwerera mu kabati madzulo aliwonse, osasweka, kwa zaka zingapo?

Taganizirani za makakyuleta. Chaka chilichonse ikayandikira MSCE ndimaweruza milandu ya Casio. Onse ndi ofanana, akuda kapena otuwa, ndipo mwana akasiya yake pa desiki n'kupita panja, pobwera amapeza atatu akunena kuti ndi yawo. N'chifukwa chake ana amakanda mayina kumbuyo ndi kampasi, atsikana amadontheza kyutekisi pa chivundikiro. Chinthu chakuda chimafanana ndi china chilichonse chakuda. Tabuleti ya kava yakuda ikatuluka pa geti n'kukafika pa msika, palibe angaicheukire. Koma ya mtundu wofuula, mayi wogulitsa tomato angathe kufunsa kuti, "Iwe, chimenecho si cha kusukulu?" Sindikunena kuti ana athu ndi akuba. Ndikunena kuti mtengo wa tabuleti imodzi ndi waukulu kwambiri poyerekeza ndi zimene kholo lothyola tiyi ku esiteti limabwera nazo pakutha pa mwezi, ndipo si bwino kumuika mwana wanjala pa mayesero otere.

Maganizo amenewa si anga. Mu 2005 a Nicholas Negroponte a ku MIT, ku America, analengeza ntchito ya One Laptop per Child, yofuna kupanga kakompyuta kotsika mtengo ka ana a m'mayiko osauka. Kakompyutako, XO, kanayamba kupangidwa kochuluka kumapeto kwa 2007, ndipo maonekedwe ake anawakonza ndi Yves Béhar. Kanali kobiriwira ndi koyera, kokhala ndi chogwirira ngati kachikwama, ndi timakutu tiwiri ta mlongoti timene ukatseka tinkaphimba mabowo olowetsera zingwe kuti fumbi lisalowe. Mtundu wowalawo anausankha dala, kuti aliyense aziona kuti ndi ka mwana, ndipo wamkulu wopezeka nako azichita manyazi. Anaganiziranso za vuto langa la ma Casio lija: pa chivundikiro panali chilembo X ndi kadontho, chilichonse cha mitundu 20, kutanthauza kuti panali kaphatikizidwe 400 kosiyana, kuti mwana azizindikira kake pakati pa ena. Ntchitoyo sinafike pamene eni ake ankalota, mtengo sunatsike kufika pa madola 100 amene ankalonjeza, koma ku Uruguay, Peru ndi Rwanda ana ambiri anakagwira. Ku Rwanda mpaka anajambula ana ali ndi timakompyutati pa ndalama ya mafaranga 500 ya mu 2013. Zambiri za ntchito imeneyo anthu amatsutsana nazo, koma pa nkhani ya mtundu ndi chogwirira ine ndimaona kuti anaganiza bwino.

Palinso dzuwa. Amene munaphunzira Fizikisi kwa ine mukukumbukira zitini ziwiri zija, china chopaka utoto wakuda china chonyezimira, zonse zamadzi, titaziika pabwalo ndi ma thermometer. Chakuda chinkatentha msanga. Batire ya lithium imene ili m'matabuletiwa imadana ndi kutentha, imakalamba msanga, ndipo ikafika poipa imatupa. Apple imalemba kuti zipangizo zake zizigwira ntchito pamalo osapitirira madigiri 35. Kuno ku Thyolo timadzitama ndi kuzizira, koma mu Okutobala ana akamakambirana m'magulu panja, tabuleti yosiyidwa pa udzu kwa theka la ola itavala zakuda idzapsa ndithu.

Ndiye tinagwirizana m'chipinda cha aphunzitsi kuti mtundu ukhale wowala. Apa m'pamene nkhani inavuta, ndipo inu amene mwakhalitsa kunja mwina mwaiwala kuti kwathu kuno mitundu ili ndi eni ake.

Wina anati buluu. Chipinda chonse chinaseka. Kwa Goliati ndi kwawo kwa a Mutharika, ndipo buluu pano salankhula za thambo. Tikanati tigule makava 8 abuluu, mawa lake anthu akanati chipani cha DPP chapereka matabuleti kusukulu, dzina lanu inu osonkha osamvekanso. Wina anati yelo, poti amaonekera patali. Yelo ndi UDF. Ine pandekha ndinkafuna olenji, mtundu umene amavala okonza misewu kuti galimoto ziwaone, koma olenji ndi PP ya mayi Joyce Banda. Wofiira ndi UTM, ndiponso uli pa nsalu ya MCP pamodzi ndi wakuda ndi wobiriwira. Mphunzitsi wa Jogalafe, amene ndale alibe nazo ntchito, anati iye vuto lake ndi lina: ofiira ndi a Bullets, abuluu ndi a Manoma, ndipo anyamata a Fomu 3 adzakana kugwira tabuleti ya timu ya adani. Tinaseka, komabe nkhaniyi si yoseketsa kwenikweni. Ife ndife antchito a boma, ndipo m'kalasi mwanga mumakhala ana a makolo a zipani zonse. Sindikufuna kholo lina liziganiza kuti mwana wake akuphunzira ndi katundu wa kampeni, kapena kuti zinthu zikadzasintha wina adzabwere kudzafunsa kuti makava awa anagula ndani.

Woyera sitinauchedwere. Aliyense amene anachapapo malaya a yunifolomu kuno akudziwa chimene katondo amachita. Wobiriwira uja wa XO ndi wokongola, koma dziko lathu lonse ndi lobiriwira, kuyambira minda ya tiyi mpaka kapinga wa pabwalo, ndipo chinthu chimene ukufuna kuchiona msanga chikagwa sungachipake mtundu wa udzu. Pinki anaikana ndi a Madam a Chingerezi, ndipo chifukwa chawo chinandigwira mtima. Anati tikagula ena apinki ena amtundu wina, anyamata adzati apinkiwo ndi a atsikana, kenaka mudzapeza atsikana onse a m'kalasi aunjikana pa awiri apinki pamene anyamata atambasuka pa 6 otsalawo. Anati onse akhale mtundu umodzi, pasakhale ya uyu ndi ya uyo.

Unatsala ndi pepo. Palibe m'chipinda chija amene anatha kuulumikiza ndi chipani chachikulu kapena timu. A Madam ena a Katolika anati ndi mtundu umene ansembe amavala pa Lenti, nyengo ya kulapa, ndipo a hedi anati zimenezo n'zabwino, Fomu 4 ikufunika kulapa. Pepo wake akhale wowala, wosayandikira kukuda.

Tsopano za kaumbidwe, zimene ndikuona kuti n'zofunika kuposa mtundu ngakhale sizikoma kukamba.

Pali nkhani imene ndimaikonda ya Jeff Hawkins, amene anapanga Palm Pilot, kakompyuta kam'manja kamene kanatuluka mu 1996. Asanapange chilichonse anasema kathabwa kukula kwake kofanana ndi kamene ankakaganizira, n'kumayenda nako m'thumba la malaya, kumakatulutsa ngati akulembapo, kuti aone ngati munthu angakonde kukanyamula tsiku lonse. Ndinabwereka nzeru imeneyo. Mwana wa ku Johannesburg uja ananditumizira zithunzi ndi miyezo ya makava atatu, ine ndinadula makatoni n'kuwamata mpaka kukhuthala kwake kufanane, ndipo ndinawapereka kwa ana kuti achite ngati akuphunzira.

Yopyapyala, yokongola kuposa onse, inalowa m'thumba la buluku la mnyamata wina wamtali popanda kuonekera. Basi, inagwa pomwepo. Yachiwiri inali yotseka ngati buku. Imeneyi aphunzitsi ambiri anaikonda chifukwa imaphimba galasi, koma ana atakhala asanu kuizungulira, chivundikirocho chinkalendewera, wina akukoka uku wina uko, ndipo ndaona makava otere pa mafoni athu momwe amathera: amang'ambika pa msana, ndipo nyengo ya chiperoni, chinyezi chikalowa, amayamba kusupuka ndi kununkha nkhungu. Komanso tabuleti imagwa nthawi imene ikugwiritsidwa ntchito, chivundikiro chili chotsegula.

Yachitatu ndi yonenepa, ya labala yofewa ngati ya patapata, yokhala ndi ngodya zotupa ndi chogwirira. Ndi yonyansa, ndivomere. Koma galasi limasweka kawirikawiri chinthu chikagwera pa ngodya, chifukwa mphamvu yonse imakathera pa kamalo kakang'ono. Labala yokhuthala imatalikitsa nthawi ya kugundako, mphamvu n'kuchepa, monga momwe wogwira mpira amabwezera manja m'mbuyo. Fomu 4, limeneli likhoza kubwera pa mayeso. Milomo yake imatuluka pang'ono pamwamba pa galasi, kotero ikagwa chafufumimba galasi silikhudza simenti. Chogwiriracho chimapindika n'kukhala mwendo, tabuleti n'kuima yokha pa desiki, ana asanu n'kumaona onse popanda kulandana. Ndipo m'thumba silowa.

Ana a Fomu 4 anaikana. Mtsikana wina, wanzeru kwambiri m'kalasimo, anati, "Sala, zimenezo ndi za ana a mkaka." Sanalakwitse kwenikweni. Kuyambira mu 2023 boma lakhala likupereka matabuleti m'sukulu zina za pulayimale kudzera mu ntchito ya BEFIT, kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira kuwerenga ndi masamu, ndiye kwa ana athu tabuleti yolimbitsidwa ndi chinthu cha azing'ono awo. Munthu wa zaka 18 amafuna chinthu chooneka chachikulu, ndipo ulemu umenewo sindiupeputsa. Ndinalingalira usiku wonse. Koma ndinaona kuti chimene mtsikanayo akudana nacho ndi chomwecho chimene ndikuchifuna: chinthu choti mnyamata sangakonde kukayenda nacho pa msika Loweruka kuti anzake amuone. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Apa ndasankha dala chosakoma kunja, poti zam'kati ndi zimene munalipira. Ndinamuuza mtsikanayo kuti akadzapita ku MUST, pa Ndata pompa, akadzagule yake yopyapyala yakuda, ine ndidzamuyamikira. Anati adzandikumbutsa.

Ndiye mwana wanga wa ku Johannesburg, oda ndi iyi. Makava 8 a labala yonenepa ija, onse a pepo wowala, okhala ndi chogwirira chopindika. Uonetsetse kuti ndi a muyezo wa matabuleti athu enieniwo, bowo la kamera ndi lotchajira zigwirizane, chifukwa kava yokhwepa imavuka tabuleti ili m'malere. Ngati alipo okhala ndi kachitseko kophimba potchajira, utenge amenewo ngakhale atakwera mtengo pang'ono, fumbi la choko ndi la m'chilimwe limatseka bowo limenelo. Ndalama zikatsala uwonjezere magalasi omata pamwamba, 10 kapena 12, poti amenewo ndi osweka. Pepo akasowa usagule wina uliwonse, uyambe waimba.

Akafika, mphunzitsi wa Masamu wavomera kulemba manambala 1 mpaka 8 kumbuyo ndi utoto woyera wa mafuta, akuluakulu oti ndiziwawerenga nditaima pakhomo, ndi dzina la sukulu m'munsi mwake. Kalipentala wa pa msika akutikhomera kabati ya zipinda 8, chilichonse ndi nambala yake, kuti chipinda chopanda kanthu chizionekera belu lisanalire.