Zimene Tinaphunzira Potola Majumbo ku Furancungo

Nkhani imene tifuna kukusimbirani inayamba ndi imfa ya ng'ombe. Mkulu wina wa mpingo wathu kuno ku Furancungo, likulu la boma la Macanga, anali ndi ng'ombe ziwiri zokoka ngolo, zimene zinkamututira chimanga ndi fodya kuchokera kumunda. Imodzi inayamba kuwonda ngakhale msipu unali wochuluka. Inaleka kubzikula, mimba n'kutupa, ndipo patapita masabata owerengeka inafa. Poitumbula anapeza m'chifu mwake chimtolo cha majumbo opotana ndi zingwe za masaka. Ena a ife tinalipo, ndipo tinangoyang'anizana kukamwa kuli pululu, pakuti ng'ombeyo inkadya m'dambo la kuseri kwa tchalitchi, kumene mphepo imakankhira zonse zimene timataya tikakhala ndi msonkhano waukulu. Majumbowo anali athu.

M'nyengo yomweyo angapo a ife tinali ndi vuto lina. Aphunzitsi, ogulitsa m'magolosale ndi osoka zovala, amene timakhala pampando tsiku lonse, tinali titauzidwa kuchipatala kuti magazi athu akuthamanga kwambiri, ena kuti shuga wakwera. Anamwino anatilangiza kuchepetsa mchere ndi kuyenda ndawala, chifukwa bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi lake mwamphamvu pang'ono kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Koma inu mukudziwa m'mene kulili kwathu kuno. Mlimi amene wagwira khasu kuyambira mbandakucha safuna malangizo otere, ndipo akaona bambo wa imvi akungozungulira mudzi popanda kopita, amafunsa kuti, "Kodi achimwene, mwataya chiyani?"

Mnyamata wina wa kwaya ndiye analumikiza mavuto awiriwa. Anatiuza kuti ku Sweden, cha m'ma 2016, munthu wina dzina lake Erik Ahlström anayambitsa chizolowezi chakuti anthu azithamanga pagulu uku akutola zinyalala, ndipo chizolowezicho, chimene amachitcha plogging, chinafalikira m'maiko ambiri. Tinaseka. Gogo wina wa chigwirizano anati, "Mwanawe, ife tinathamanga kale pothawira ku Malawi nthawi ya nkhondo. Chibwerereni pambuyo pa mtendere wa 1992, miyendo iyi inalumbira." Komabe gogo yemweyo ndiye anati ngati kuthamanga sitingathe, kuyenda tingathe, ndipo munthu wonyamula thumba palibe angamufunse chimene wataya.

Tinayamba Loweruka lotsatira, tilipo khumi ndi anayi. Timakumana kusanache bwino, mame ali ngwee pa udzu ndi chisanu cha kuno kumapiri chikuluma zala. Achinyamata amatitsogolera kutambasula manja ndi miyendo kwa kanthawi, kenaka timanyamuka awiriawiri, aliyense ndi saka lake. Njira yathu imadzera kumsika, kubwalo la mpira ndi pamalo okwerera magalimoto, n'kubwerera kutchalitchi ola limodzi litakwana. Tinaphunzira msanga kuti wotola mowerama msana amadzuka ndi ululu Lamulungu m'mawa. Chofunika n'kupinda mawondo, kunjuta, n'kudzukanso. Ukatero kokwanira makumi asanu, thukuta limatuluka ngati uli pa mzere m'munda. Amene alibe magolovesi amavala jumbo m'manja, ndipo okalamba amagwiritsa ntchito ndodo yokhomerera msomali kunsonga. Tikamaliza, tonse timasamba m'manja ndi sopo.

Zotolazo sitiziunjika pamodzi. Mabotolo abwino amawatsuka amayi ogulitsa thobwa ndi mafuta ophikira. Makoko a nthochi ndi zotsalira za nzimbe zimapita kudzenje la manyowa. Magalasi osweka ndi mabatire a tochi timawakwirira paokha, kutali ndi chitsime. Majumbo tinkawatentha poyamba, koma utsi wake wakuda unatsokomoletsa ana, ndipo tinamva kuti umawononga mapapo. Tsopano timawakwirira m'dzenje lakuya lotchingidwa ndi minga kuti ziweto zisafike. Tikudziwa kuti kukwirira si mankhwala enieni, chifukwa pulasitiki saola ngati tsamba.

Tisakunamizeni kuti zonse zinayenda bwino. Kumsika ena ankatifunsa mwachipongwe kuti boma likutilipira zingati. Ena ankaponya khoko patsogolo pathu dala, amvekere, "Nayi ntchito ina, abusa!" ngakhale panalibe mbusa pakati pathu. Mayi wina analeka chifukwa amuna awo anati otola zinyalala m'misewu ndi amisala okha. Chopweteka koposa chinali kubwerera Loweruka lotsatira n'kupeza malo amene tinasesa atadzalanso ngati sitinapondepo. Pofika mwezi wachitatu tinatsala asanu ndi mmodzi, ndipo tinakhala pansi kuti tikambirane zongosiya.

Mkulu uja wa ng'ombe ndiye anatiletsa. Anatifunsa kuti pa masaka onse amene tinadzaza, ndi majumbo angati amene tinabwera nawo tokha kuchokera kumsika sabata yomweyo. Tinachita manyazi. Lamulo limene boma la Mozambique linakhazikitsa m'chaka cha 2015 limaletsa majumbo opyapyala kwambiri ndiponso kugawa majumbo mwaulere, koma lamulo silingagwire dzanja la munthu wogula tomato. Tinagwirizana kuti tikamapita kumsika tizitenga dengu kapena chikwama cha nsalu monga ankachitira amayi athu, ndiponso kuti pamisonkhano ya mpingo aliyense azibwera ndi mbale ndi kapu yake. Tinakumbutsananso za kolera amene anavuta m'chigawo chathu cha Tete ndi ku Malawi m'chaka cha 2023. Ngalande ikatsekeka ndi zinyalala, madzi a mvula amasefukira n'kusakanikirana ndi za m'zimbudzi, ndipo zithaphwi zotsalira zimaswa udzudzu.

Lero tilipo oposa makumi awiri. Amayi ena ogulitsa mbatata ya kachewere anaika saka pambali pa malo awo, ndipo timangodutsa n'kulinyamula. Ena a ife tikapita kukayezetsa, anamwino amatiuza kuti magazi atsikako, ngakhale mankhwala sitinasiye. Odwala ndi ofedwa timawadziwa msanga, popeza nkhani zambiri zimakambidwa panjira. Dambo la kuseri kwa tchalitchi layera, ngakhale kumsika ntchito idakalipo yambiri.

Abale a ku Tsangano, a ku Ulónguè ndi a m'midzi yozungulira, ngati mufuna kuyesa, simusowa ndalama. Dziwitsani amfumu ndi akuluakulu a msika, kumbani dzenje musanayambe kutola, ndipo sankhani njira yaifupi imene okalamba angaithe. Bungwe la United Nations linasankha 20 September kukhala tsiku loyeretsa malo pa dziko lonse kuyambira 2024, ndipo mungayambe pa tsikulo ngati mukufuna poyambira. Ife timanyamuka Loweruka lililonse pa khomo la tchalitchi, mkulu uja ali patsogolo ndi ndodo yake ya msomali. Mlendo aliyense wofika ku Furancungo ali wolandiridwa. Angobwera ndi saka.