Linga Lomwe Linagwa ndi Kalata

Kumadzulo kwa mzinda wa Homs, m'dziko la Syria, kuli phiri lomwe pamwamba pake pali linga la miyala lotchedwa Krak des Chevaliers. Munthu akaima pamenepo amaona chigwa chonse pamodzi ndi mpata womwe amalonda ndi ankhondo ankadzera pochokera kumtunda kupita ku Tripoli, m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean. Wolanda phirilo ndiye ankakhala mwini njirayo. N'chifukwa chake mafumu ankalilimbirana ngati agalu pa fupa.

M'chaka cha 1031 mfumu ya ku Aleppo inaika asilikali a mtundu wa Kurd paphiripo, ndipo Aluya analitcha Hisn al-Akrad, kutanthauza linga la Akurd. Patapita zaka, kunatulukira ankhondo a ku Ulaya omwe ankamenyera mzinda wa Yerusalemu, nalanda lingalo m'chaka cha 1110. M'chaka cha 1142 Raymond II, wolamula Tripoli, analipereka kwa gulu la Hospitallers. Anthuwa anayamba ngati osamalira alendo odwala ku Yerusalemu, koma pang'ono ndi pang'ono manja omanga mabala aja anazolowera lupanga.

Iwowa ndiwo anamanga zomwe maso amagoma nazo lero. Zivomerezi zinagumula makoma awo mu 1170 ndi mu 1202, koma iwo ankangomanganso, ndipo khoma latsopano linkaposa lakale. Potsiriza linga lam'kati linazunguliridwa ndi khoma lina lakunja lokhala ndi nsanja zozungulira, kotero kuti mdani wothyola khoma loyamba ankangodzipeza ali pabwalo lopanikizika, mivi ikumugwera kuchokera pamwamba. Pakati pa makoma awiriwa panali dziwe losungira madzi, ndipo m'kati munali nkhokwe, makola a akavalo ndi tchalitchi. Njira yolowera inali yokwera, yofoleredwa, yokhota mwadzidzidzi, kuti wobwera ndi nkhondo asathamange. Saladin, mfumu yomwe inalanda Yerusalemu mu 1187, anafika pafupi ndi lingali chaka chotsatira, nalisiya, napita kukamenya malo ena. Panthawi yomwe linali pachimake, munkakhala asilikali okwana 2,000, ndipo madera ozungulira ankapereka msonkho kwa eni linga.

Koma khoma silidzilondera lokha. Limafuna anthu, anthuwo amafuna chakudya, ndipo chakudya chimachokera m'minda ya kuchigwa. Apa ndi pomwe panagona tsoka la Krak. Baybars atalowa ufumu ku Egypt mu 1260, sanathamangire kuphiri ayi. Anayamba walanda mizinda ndi malinga ang'onoang'ono, natenganso Antioch mu 1268. Chaka chomwecho mkulu wa Hospitallers, Hugues Revel, anadandaula kuti dera lomwe kale munali anthu ambirimbiri lasanduka bwinja, ndi kuti m'maiko onse a kum'mawa mwangotsala abale a gululo 300 okha. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Nanga anthu ochepa chotere akanasenza bwanji phiri lathunthu?

Baybars anafika pa 3 Malichi 1271. Mvula inamuchedwetsa masiku angapo, kenaka makina ake oponyera miyala anayamba ntchito, anthu ake nakumba pansi pa nsanja ina ya khoma lakunja mpaka inagwa. Eni linga anathawira m'kati, m'malo omwe makoma ake ndi ochindikala koposa. Pamenepo zinthu zinangoti zii kwa masiku khumi.

Kenaka kunabwera kalata. Inkaoneka ngati yochokera ku Tripoli kwa mkulu wa gulu lawo, yowaloleza kugonja. Kalatayo inali yabodza, yopekedwa ndi anthu a Baybars. Pa 8 Epulo zipata zinatsekulidwa, ndipo asilikaliwo analoledwa kuchoka amoyo.

N'kwapafupi kuwaseka anthuwa kuti anapusitsidwa ndi kapepala. Koma kodi anapusitsidwadi? Iwo anali atalumbira kumvera mkulu wawo, ndipo kusiya linga popanda chilolezo chikanakhala chamanyazi choposa imfa. Ankadziwanso kuti palibe gulu lankhondo lomwe linali panjira kudzawapulumutsa. Munthu wotere akalandira kalata yomumasula ku lumbiro lake, sakhala ndi mtima woyang'anitsitsa chidindo. Mwina Baybars anazindikira kuti adani akewo ankangosowa khomo lotulukira ulemu wawo uli m'manja, iye nawatsekulira, napulumutsa asilikali ake omwe pamodzi ndi makoma omwe ankawafuna athunthu. Tchalitchi chija anachisandutsa mzikiti, ndipo malo ogumuka anawakonza.

Nkhondo za anthu a ku Ulaya zitatha m'deralo mu 1291, lingalo linayamba kuchepa ntchito. M'kupita kwa nthawi anthu wamba anamanga nyumba m'kati mwake, mpaka panakhala mudzi wa anthu pafupifupi 500, omwe Afalansa anawasamutsa m'zaka za m'ma 1930 pofuna kukonza malowo. Bungwe la UNESCO linaika lingali pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Nkhondo yapachiweniweni itabuka ku Syria mu 2011, zigawenga zinakakhala paphiripo, ndege za boma nkuponyapo mabomba mu 2013. Asilikali a boma analanda lingalo mu Malichi 2014, napeza makoma akadali chiimire, koma zipilala zosemedwa za m'bwalo lam'kati zitasweka ndiponso zitada ndi utsi.