Wapansi pa Presidential Way

Ife a pa Mlangeni msewu timaudziwa ngati msika. Kachewere ndi kabichi zimayalidwa mphepete mwenimweni mwa M1, basi ikangoima ogulitsa ali kale pa windo. Ndiye nditafika ku Lilongwe, pa Area 18 pomwe Presidential Way imapatukira mu M1 yomweyo, chimene chinandidabwitsa ndi danga. Msewu wotakata, mitengo ndi udzu, nyumba zili patalipatali.

Dangali silinangochitika. Boma la Kamuzu Banda litaganiza zochotsa likulu ku Zomba, linakhazikitsa Capital City Development Corporation mu 1968, ngongole yoyambira ntchito n'kuchokera ku South Africa ya tsankho, mayiko ena atakana. Akatswiri anajambula mzinda wa minda ndi mitengo pamalo pamene panali midzi ndi minda ya chimanga. Maofesi a maunduna ku Capital Hill anali m'gulu la nyumba zoyamba kumangidwa, ndipo mu 1975 Lilongwe inakhala likulu. Ndinaima kuyang'ana nyumba zija pachitunda, zofanana maonekedwe, zosadzionetsera. Kumeneko ndi kumene kunkachokera makalata olemba ntchito aphunzitsi ndi anamwino a kwathu ku Ntcheu.

Koma zambiri zimene maso amathamangira lero zinabwera mochedwa. Aphungu anapitiriza kukumana ku Zomba mpaka 1994, ndipo nyumba ya malamulo yokhala ndi denga lozungulira ija, yomangidwa ndi thandizo la China, inatsegulidwa mu 2010. Chapafupi pali chiliza cha Kamuzu, amene anamwalira mu 1997. Chinatsegulidwa mu 2006, ndipo chimakumbutsa ngodya zake zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Ndinapezapo ana asukulu akujambulitsa, ena akuwerenga mawuwo mokweza. Kutsogolo kuli malo a misonkhano a BICC ndi hotela yake yaitali. Ku City Centre nyumba ya Reserve Bank imakula pokwera m'mwamba, yopapatiza pansi, ndipo sungaiphonye.

Pofika apa miyendo inali italema, thukuta lili kamukamu. Ojambula mapulani ankaganiza za munthu wa pa galimoto. Mlonda, wosesa mu ofesi, mayi wogulitsa nthochi pansi pa mtengo, onsewa amayenda mitunda padzuwa kuchokera kumene anakwanitsa kupeza lendi, ndipo masana amadya chiimire kuseri kwa maofesi.

Mitengo ndinaikonda, ndipo ndikupempha kuti pokuza misewu isamathe. Chimene chinandiwawa n'chakuti pa ulendo wonsewo sindinaone chikwangwani ngakhale chimodzi chotchula midzi imene inasamutsidwa kuti likulu limangidwe. Msewu umapitirira mpaka ku Kamuzu Palace, koma ine ndinatembenukira pa siteji kukadikira minibasi ya m'tauni.