Kapepala ka m'thumba

Mafoni athu tinawaloka ndi pasiwedi, ndipo tinachita bwino. Koma taganizani: mwagwa pa kabaza ku Area 18, simukutha kuyankhula. Amene akutolaniwo aimbira ndani? Nanga foniyo ikasweka, kapena wina akaitola n'kuzemba nayo?

N'chifukwa chake ine ndimayenda ndi kapepala m'thumba la thalauza, osati m'chikwama, poti chikwama chimatha kutsompholedwa. Ndinalembapo dzina langa, nambala ya amayi ndi ya achimwene, komanso mankhwala amene thupi langa limadana nawo. Ya apolisi, 997, ndinachita kuiloweza.

Anzanga amati ndikudziitanira tsoka. Ayi ndithu. Sindikufuna kuti amayi adzamvere pa Facebook, chithunzi changa chikuzungulira, anthu akufunsana kuti mwana ameneyu ndi wa ndani.