Kalata kwa mlongo wanga Tadala ku Durban: za paipi yotsekeka ija

Wokondedwa mlongo wanga Tadala,

Landira moni kuchokera kuno ku Zomba. Mayi ali bwino, mwendo uja wayamba kupepuka, ndipo sapuma kufunsa za mdzukulu wawo. Undiperekere moni kwa alamu.

Alamuwo ndi amene andiululira pafoni zimene iwe umandibisira. Akuti madzi oipa asefukira kuseri kwa khitchini, pulambala watchula ndalama yoposa theka la lendi, ndipo eni nyumba akuti olipira ndinu. Akutinso unakhala ukuthira caustic soda musinki mwakachetechete osauza munthu. Naphiri, zandiwawa. Zaka zonse zija ndinali mumzinda umenewo, chakudya changa chinkachokera m'mapaipi omwewo. Uvutikirenji wekha mchimwene wako ali moyo?

Chimene ndikufuna umvetse n'chakuti ndalama yotsegulira paipi imakula ndi masiku amene wakhala chete. Tsiku limene madzi ayamba kutsika mwaulesi musinki, vuto limakhala lili pafupi, m'kapaipi kopindika kali pansi pa sinkipo. Umaika ndowa, n'kumasula ndi manja, n'kuchotsa zonyansazo. Palibe ngakhale randi imodzi imene imatuluka.

Ukadikira, zonyansazo zimasunthira m'paipi yaikulu ya pabwalo. Apo ndiye pamafunika pulambala, ndipo iye amayamba walipiritsa kubwera kokhako, marandi mazana angapo, asanagwire chilichonse. Kenako amawerengera maola amene watha akutokosa ndi ndodo zake zolumikiza zija. Ndodo zikalephera amabweretsa makina opopa madzi mwamphamvu, ndipo apa tayamba kukamba za zikwi. Zikabwerezabwereza amalowetsa kamera kuti aone mkati, imeneyonso ili ndi malipiro akeake. Akapeza kuti paipi inasweka, n'kukumba basi: kuphwanya simenti, kusintha paipi, kukwirira, kuwakanso. Ndalama yake imatha kumeza lendi ya miyezi. Ukamuitana usiku, Lamlungu kapena patchuthi cha Disembala, zonsezi zimakwera.

Sindikukunena kuti ndiwe wauve, mwana wa mayi anga. Ndimadziwa mmene umasamalira pakhomo. Kungoti kwathu madzi otsukira mbale timakawaza kuseri, makoko a nsima nkhuku zimatola, zotsala zimapita kudzala. Kumeneko zonse zimene nyumba yataya, za kukhitchini, za kubafa ndi za kuchimbudzi, zimakakumana m'paipi imodzi ya mamilimita 110. Yesa ndi chikhatho chako uone kuchepa kwake.

Mafuta okazingira nkhuku amalowa musinki ali amadzimadzi, koma akafika pansi pozizira amaundana n'kumatirira m'mbali mwa paipi. Mpunga, masamba a tiyi ndi makoko a m'poto zimadzakakamira pomwepo. Choncho mafuta uziwasiya azizire, uwathire m'botolo lakale, apite kubini. Poto uziyamba wamupukuta ndi nyuzipepala usanamutsuke. Gulanso kasefa ka pasinki, n'kotchipa kuposa buledi wa sabata imodzi.

Za mwanayo ndikunenetsa. Timapepala tonyowa tomupukutira tija sitisungunuka m'madzi ngati pepala la kuchimbudzi, ngakhale papaketi atalemba kuti ungathe kugejemula. Ndazisolola ndi manja angawa, zitalukana ndi tsitsi ngati chingwe cha ng'ombe. Matewera otaya, mapadi, thonje, zonsezi malo ake ndi kubini. Uwauzenso mwaulemu anzanu amene mumagwiritsa nawo chimbudzi chimodzi, chifukwa paipi ikatseka sifunsa kuti anataya ndani.

Koma mwina vuto si lanu n'komwe. Durban ndi mzinda wotentha ndi wachinyezi, mitengo imakula chaka chonse. Nyumba zambiri zakale za ku Umbilo, Glenwood ndi Berea zikadali ndi mapaipi adothi, olumikizidwa zidutswazidutswa. Mizu ya kachere ndi mikuyu imalondola chinyezi, n'kulowa polumikizira ili yopyapyala, n'kudzakula mkatimo mpaka kudzaza paipi. Paipi ikang'aluka, mchenga wofiira wa kumtunda kwa Berea uja umalowanso. Zimenezi sangaziyambitse mlendi amene walowa chaka chatha.

Mvula nayonso ili ndi mbali yake. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi imagwa yamphamvu, ndipo nyumba zina anazilumikiza molakwika: madzi a padenga amatsikira m'paipi ya suweji, zimene malamulo a mzindawo amaletsa. Mvula ikagwa, paipi imadzaza ndipo zonyansa zimabwerera pabwalo. Tuluka ukaone kumene paipi yotsika padenga lanu imathera. Ukukumbukira Epulo 2022, pamene madera ena analandira mvula yoposa mamilimita 300 m'maola 24, anthu oposa 400 n'kumwalira? Mapampu ndi malo oyeretsera suweji anaonongeka, magombe ena a nyanja anatsekedwa kwa miyezi chifukwa cha tizilombo ta E. coli. Madzi oipa a mzinda umenewo si oseweretsa.

N'chifukwa chake ndikuti mwanayo asakwawire kuseriko mpaka mutakonza, n'kutsukapo ndi Jik. Nsapato zoponda pamenepo zizitsala panja. Matenda otsegula m'mimba sachedwa kufooketsa khanda, makamaka nyengo yotenthayi.

Ndipo caustic soda uja usiye lero lomwe. Amawotcha khungu, akadonthera m'diso amachititsa khungu losaona. Akakumana ndi madzi amatentha kwambiri moti amatha kufewetsa mapaipi apulasitiki, ndipo paipi ikakhala yotsekeratu amangokhala momwemo kudikira dzanja la amene adzatsegule. Mizu yodzaza paipi saichotsa. Usamusakanize ndi mankhwala ena alionse. Pulambala akabwera umuuze poyamba kuti unathira, ateteze manja ndi maso ake. Naye ali ndi ana.

Tsopano za wolipira. Musanatulutse ndalama, alamu achite izi. Ngati yatseka ndi sinki yokha, vuto lili m'nyumba. Ngati chimbudzi chikuguguda pamene mukukhuthula madzi kubafa, vuto lili m'paipi ya pabwalo. Atsegule manhole yomaliza, ya kufupi ndi mpanda. Ikakhala youma, kutsekako kuli mbali ya nyumba. Ikakhala yodzaza, kapena aneba nawonso akudandaula, kapena madzi akubwatamuka pamsewu, n'kutheka kwambiri kuti ndi paipi ya khonsolo. Imeneyo mukanene ku eThekwini, kunthambi ya madzi ndi suweji, akupatseni nambala ya dandaulo lanu. Paipi ya khonsolo amakonza ndi a khonsolo.

Kutsekako kukakhala mbali ya nyumba, tenga pepala la mgwirizano wa lendi uwerenge modekha. Kawirikawiri mlendi amalipira zimene watsekereza yekha, monga mafuta ndi matewera. Mizu, paipi yosweka ndi kukalamba kwa nyumba ndi za mwini wake. Choncho pulambala akatsegula, jambula pafoni zimene zatuluka, ndipo alembe pa lisiti chimene chinatseka. Eni nyumba uziwauza zonse polemba pa WhatsApp, osangoti pakamwa pokha.

Ndikudziwa chimene chimakutseka pakamwa. Umati ndife alendo m'dziko la eni, tikalankhula atitulutsa m'nyumba. Mantha amenewo ndimawadziwa, ndinagona nawo. Koma dziko limenelo lili ndi lamulo la Rental Housing Act la 1999, ndipo m'chigawo cha KwaZulu-Natal muli bwalo la Rental Housing Tribunal limene limamva madandaulo a alendi ndi eni nyumba popanda malipiro. Sikuti ndikukutuma ndewu. Lankhula nawo mwaulemu monga anatilerera mayi, koma umboni uli m'manja.

Posankha pulambala, safunsa anadya phula. Funsa awiri kapena atatu. Aliyense akuuziretu ndalama ya kubwera, ya pa ola, ya makina, komanso ngati adzabwerenso ulere ikatsekanso posachedwa. Funsa ngati analembetsa ku PIRB, bungwe lolembetsa mapulambala kumeneko. Wina akangofika n'kunena kuti tikumbe asanalowetse ndodo kapena kamera, muthokoze, apite. Ndipo usapereke ndalama yonse madzi usanawaone akuyenda.

Alamu akuti ukuganiza zokatenga katapira kuti ndalama ya mayi ya mwezi uno isadumphe. Ayi, Tadala. Mwezi uno mayi ndiwaona ndine, chimanga chilipo, mankhwala ndawagulira. Ngongole ya katapira idzakutsatira paipiyo itaiwalika kalekale.

Mawa m'mawa alamu atsegule manhole ija, unditumizire zithunzi pamodzi ndi pepala la pulambalayo, ndione ngati zimene walemba zikugwirizana ndi ntchitoyo. Ndipo tsiku lina madzi akadzangoyamba kuchedwa musinki, undiimbire tsiku lomwelo, ngakhale pakati pa usiku.

Ndine mchimwene wako wokukonda,
Chifundo